CITSULO NACO CIMATOPA

Pa Ciweru, pa 3 May, 1952, pa bwalo la ndeke la ku Livingstone panatera ndeke ya mtundu watsopano. Inalibe zitsulo zija zimazungulira kutsogolo kwa mapiko kupalasa mphepo, ndipo kulira kwace sikunali kulindima kwa ndeke zimene anthu anazizolowera, koma mluzu waukulu wogonthetsa m'kutu. Dzina lace linali Comet, ndipo anaipanga ndi a kampani ya de Havilland ku Mangalande. Inanyamuka ku London dzulo lace ndi apaulendo 36, niima ku Rome, ku Beirut, ku Khartoum ndi ku Entebbe, ndipo itamwa mafuta pa Livingstone inapitirira kunka ku Johannesburg. Ulendo wonsewo sunakwane maola 24. Aka ndiko kanali koyamba pa dziko lonse lapansi kuti anthu ogula matikiti anyamulidwe ndi ndeke ya jeti, ndipo dziko lino, limene masiku amenewo linali kuchedwa Northern Rhodesia, linali pa njira yace.

Ndeke iri yonse iri ndi zilembo zace monga momwe motoka iri ndi nambala. Zilembo za ndeke imeneyi zinali G-ALYP, ndipo awerengi acita bwino kuzisunga pamtima, cifukwa zisanathe zaka 2 ndeke yomweyi inasweka iri m'mwamba kunja kuli ngwee, popanda bomba, popanda mkuntho, ndipo mwa onse amene anali m'katimo palibe anapulumuka. Cimene cinaiswa ndico cimene nkhani ya mlungu uno ifuna kulongosola, pakuti cinthu comweco cinadzaphanso anthu pafupi ndi Lusaka m'caka ca 1977.

MAMANGIDWE A THUPI LA NDEKE

Munthu woona ndeke itaima pabwalo angayese kuti ndi citsulo cocindikala conga ca thirakitala. Sizitero ai. Mdani wamkulu wa mmisiri wa ndeke ndiye kulemera. Mmisiri womanga ulalo akakayika za mphamvu ya ulalo wace amangoonjezera simenti ndi zitsulo, mtima wace nukhala pansi. Wa ndeke alibe mwai wotere, cifukwa kilogalamu iri yonse ya citsulo imene aonjezera ndiyo kilogalamu ya katundu kapena ya mafuta imene itsala pansi, ndipo akanyanya kuonjezera ndekeyo siinyamuka konse. Nchito yace yonse ndiyo kufuna malire, kupeputsa kufikira pamene kupeputsanso kungakhale kupha anthu.

Cifukwa ca ici thupi la ndeke limamangidwa mwa njira imene womanga nkhokwe angaizindikire msanga. Pali mikombero ya citsulo yoimikidwa motsatana kuyambira kumphuno kufikira kumcira. Pali timitanda tatitali toonda toyenda m'litali mwa ndeke, tolumikiza mikombero ija monga momwe mbariro zilumikizira phaso pa tsindwi. Pamwamba pa zonsezi amayala malata a aluminiyamu, citsulo copepuka cija ca mapoto, koma cosanganiza ndi mkuwa pang'ono kapena zitsulo zina kuti cilimbe. Ndipo malatawo amawakhomera ndi timisomali tambirimbiri tonga tija togwira cigwiriro ca poto. Pamene pasiyana ndeke ndi nyumba ndi apa: udzu wa pa tsindwi ungochinga mvula, sunyamula kanthu, koma malata a ndeke amanyamula gawo lalikulu la mphamvu zokoka ndi zopotola thupilo. Tsindwi likabooka banja limangosuntha mphasa, koma malata a ndeke akang'ambika ndeke yatha. Ndipo pa Comet malata amenewa sanali kukwana ngakhale milimita imodzi kucindikala kwace.

Phiko nalo liri ndi msana wace, ndiwo mtanda waukulu, kapena mitanda iwiri itatu, yocokera pathupi kufikira kunsonga. Pamtandapo amamangirira nthiti zopatsa phiko maonekedwe ace, nakutanso ndi malata. Amene anakwerapo ndeke nakhala pazenera amasimba za mantha amene anawagwira poona nsonga ya phiko irikugwedezeka m'mwamba ndi pansi. Kugwedezekako nkwadala, pakuti phiko limapangidwa kuti lizipindika pa mphepo ndi kuwongokanso monga nsungwi.

Tsono ndeke ya jeti iri ndi bvuto lace lace. Injini ya jeti imamwa mafuta koopsa ikamauluka m'munsi, ndipo imasunga mafuta pokha pokha itakwera kutali kumene mpweya uli wopyapyala. Comet inali kukwera kufikira mamita 12,000, kumene inali kuthamanga makilomita oposa 700 pa ola, ndiko kuti mtunda wa pakati pa Chipata ndi Lusaka ola lisanathe. Koma kumwamba kotero munthu sangakhale ndi moyo. Mpweya ndi wocepa kwakuti akomoka mphindi imodzi isanathe, ndipo kuzizira kwace kumatsika madigiri 50 pansi pa pamene madzi aundana. Conco cipinda ca apaulendo amacitseka ponse ponse, napopera mpweya m'kati monga apopera thayala la njinga, kuti okhalamo azipuma ngati ali pa phiri la mamita 2,400, pafupifupi msinkhu wa mapiri a Mafinga.

Mpweya wopoperedwawo umakankha makoma kufuna kutuluka. Kuuyeza ndi mpweya wa m'thayala la motoka ndi wocepa, sufika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 3. Koma thayala ndi laling'ono, pamene cipinda ca ndeke ndi cacitali kuposa kalasi ya sukulu. Pa Comet, malo ali onse a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi anali kukankhidwa ndi mphamvu yonga kulemera kwa matumba a cimanga oposa 110 a makilogalamu 50. Ndeke ikakwera thupi limafufuma pang'ono, ikatsika limaphwa. Ulendo uli wonse kufufuma ndi kuphwa, kufufuma ndi kuphwa. Diso silingaone zimenezi, koma citsulo cimamva.

MNYAMATA WA MAWAYA ADZIWA

Mnyamata wopanga motoka ya mawaya alibe cida codulira waya, koma waya amadula. Amaupinda uku, naupinda uko, kambirimbiri, mpaka pamalopo patentha ndipo waya uduka wokha. Akadayesa kuukoka kamodzi ndi mphamvu zace zonse sakadaudula. Ndiko kumene amisiri amati kutopa kwa citsulo: katundu amene sangacithyole pa nthawi imodzi amacithyola akabwera mobwereza-bwereza. Mlimi anakuonapo pa khasu limene lathyokera pamsuka m'munda wofewa, nadabwa kuti latani pamene dzulo linali kuswa nthaka youma. Wonyamula makala anakuonapo pa felemu ya njinga yace, imene iduka polumikizira tsiku limene sananyamule ndi thumba limodzi lomwe. Khasulo silinayambe kuthyoka tsiku limenelo. Mng'alu unayamba kale, woonda kuposa tsitsi, nukula pang'ono pang'ono nthawi iri yonse khasu likagunda pansi, mpaka citsulo cotsala cinacepa.

Mng'alu suyamba pali ponse. Umafuna ngondya, ciboo, kapena pokandika. Wogulitsa nsalu m'sitolo satha kung'amba nsalu yatsopano ndi manja okha, koma akangodula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, nsalu yonse ing'ambika mosabvuta, cifukwa mphamvu yonse ya manja ace yasonkhana pa kansonga kamodzi ka podulidwapo. Mphamvu imayenda m'citsulo monga madzi mumtsinje. Pamene mtsinje uwongoka madzi amapita mwakacetecete, koma pamene ukhota mwadzidzidzi m'pamene madzi amagumula gombe. Ndipo thupi la ndeke ladzala ndi malo otere: zitseko, mazenera, ndi ziboo za timisomali tija.

Kungakhale kunama kunena kuti amisiri a de Havilland anali osasamala, kapena kuti sanali kudziwa za kutopa kwa citsulo. Amisiri a njanji anali atakuzindikira kale zaka 100 m'mbuyomo, pamene mitanda ya mawilo a sitima inali kuthyoka popanda cifukwa cooneka. A de Havilland anatenga cigawo ca thupi la Comet nacipopera mpweya wowirikiza kawiri umene ndeke ikumana nao paulendo, ndipo sicinasweke. Kenaka cigawo comweco anacifufumitsa ndi kuciphwetsa nthawi zoposa 16,000 cisanang'aluke. Iwo anakhutira. Cimene sanadziwe ndi cakuti mpweya wowirikiza uja wa poyamba unali utakanya citsulo ca m'mphepete mwa ziboo nucilimbitsa, kotero kuti cigawo coyesedwaco cinakhala copirira kuposa ndeke zeni zeni zimene zinali kunyamula anthu. Mayeso amene anayenera kuwacenjeza ndiwo anawagoneka tulo.

Pa 2 May, 1953, tsiku lokwanira caka cimodzi cinyamukire ulendo woyamba uja, Comet ina inasweka m'mwamba itangocoka ku Calcutta m'dziko la India, ndipo anthu 43 anafa. Tsikulo kunali mkuntho woopsa, conco mlandu unagwera mkuntho, ndipo ndeke zinapitiriza kuuluka.

Pa Sondo, pa 10 January, 1954, G-ALYP, ija inatera ku Livingstone, inanyamuka ku Rome kunka ku London pa cigawo cotsiriza ca ulendo wocokera ku Singapore. Patapita mphindi ngati 20, iri pa mamita 8,000 ndipo ikali kukwera, woyendetsa wace anali kulankhula pa wailesi ndi mnzace wa m'ndeke ina, ndipo mau ace anadukira pakati. Asodzi a pa cisumbu ca Elba anamva kuphulika, naona zidutswa zirikugwera m'nyanja. Anathamangira kumeneko ndi mabwato ao, koma anangotola mitembo. Anafa anthu 35.

Ndeke zonse za Comet anaziimitsa. Popeza zidutswa zinali pansi pa nyanja, akatswiri anali kungoyerekeza. Ena anati moto, ena anati injini inasweka nibaya thupi, enanso anaganizira bomba. Anakonza zinthu pafupifupi 50 zimene anazikayikira, ndipo pa 23 March ndeke zinaloledwa kuulukanso, cifukwa ceni ceni cisanapezeke. Ndalama zinali kutayika tsiku ndi tsiku, ndiponso Comet inali ulemu wa dziko la Britain, limene linali litatsogolera Amereka pa mpikisano wa ndeke za jeti. Zifukwa zimenezi nzomveka, koma kufulumirako kunadya anthu. Patangopita masiku 16, pa 8 April, Comet ya zilembo G-ALYY, imene a South African Airways anaibwereka pa ulendo wa ku Johannesburg, inanyamuka pa bwalo lomwe lija la ku Rome, nisweka m'mwamba kufupi ndi Naples. Onse 21 anafa.

NDEKE M'THANKI YA MADZI

Apo m'pamene Boma la Britain, lotsogozedwa ndi Winston Churchill, linatsimikiza kuti cifukwa cipezeke ngakhale nchitoyo itadya ndalama zotani. Zombo za nkhondo zinali zitayamba kale kusakasaka pansi pa nyanja pafupi ndi Elba, ndi makamera a kanema otsitsidwa m'madzi, ndipo m'miyezi yowerengeka zinabvuula pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a G-ALYP. Zidutswazo anazitengera ku Farnborough, ku malo a Boma oyesera ndeke, kumene mkulu wace anali Sir Arnold Hall, nazilumikiza pa cimango ca matabwa monga munthu wolumikiza mapale a mbiya yosweka kuti aone pamene kusweka kunayambira. Madokotala nao anali atanena kanthu. Mapapo a omwalirawo anali ophulika ndipo mitu ya ambiri inasweka akali amoyo, cizindikiro cakuti mpweya wa m'cipinda unatuluka wonse nthawi imodzi nuwaponyera kudenga.

Hall anaganizira kutopa kwa citsulo, koma panafunika umboni. Anatenga Comet ina yabwino bwino, G-ALYU, namanga thanki yaikulu kuzinga thupi lace lonse, mapiko akutulukira kunja m'mbali. Anadzaza madzi m'thankimo ndi m'kati mwa ndeke momwe, ndipo kuti ayerekeze ulendo anali kupopera madzi ena m'cipinda mpaka cifufume monga cifufumira kumwamba, kenaka nawatulutsa. Nthawi yomweyo majeke anali kukankha mapiko m'mwamba ndi pansi. Madzi anawasankha mwanzeru. Mpweya umapanikizika, ndipo cotengera cace cikasweka umaphulika ngati bomba numwaza umboni wonse. Madzi sapanikizika. Pakangong'aluka amatuluka pang'ono, mphamvu nkutha, ndipo mng'alu umatsala pamalo pace kuti anthu auone. Mwa njira iyi ulendo wa maola angapo unali kutha m'mphindi zocepa, usana ndi usiku.

Kumapeto kwa June, 1954, thupi la G-ALYU linang'ambika, mng'alu utayambira pa ngondya ya zenera la m'mbali lothawirapo pa ngozi. Kuwerenga pamodzi maulendo ace eni eni ndi a m'thanki, anangopitirira pang'ono 3,000. Opanga anali kuyembekezera kuti ndekeyo idzapirira maulendo osacepera 10,000.

Tsopano akatswiri anadziwa coti afune, ndipo mu August makoka okokedwa pansi pa nyanja anakola cidutswa ca denga la G-ALYP. Padengapo panali timazenera tiwiri ta ngondya zinai, osati toonerapo anthu, koma ta zipangizo za wailesi yolondolera njira. Pafupi ndi ngondya ya kamodzi ka ito, pa ciboo ca msomali, m'pamene panayambira mng'alu. Utafika pa msinkhu wace unathamanga m'kamphindi, denga linabvundukuka, ndipo ndeke yonse inamwazika. G-ALYP inali itauluka maulendo 1,290 cabe, ndipo G-ALYY maulendo 900.

Kawiri kawiri anthu posimba nkhaniyi amati Comet inaphedwa ndi mazenera a apaulendo a ngondya zinai. M'menemo muli coonadi, koma si conse. Mng'alu wa G-ALYP sunayambire pa zenera la wapaulendo, ndipo ngondya za mazenerawo sizinali zosongoka ngati za zenera la nyumba. Zinali zokhotako ndithu. Colakwa cinali cakuti malata anaonda kwambiri, mphamvu yosonkhana pa ngondyazo inali yaikulu kuposa m'mene amisiri anawerengera, ziboo za misomali zinali pafupi ndi ngondya, ndipo mng'alu ukayamba panalibe cochinga kuti usapitirire. Bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi Lord Cohen linamva umboni wonsewu kumapeto kwa 1954, ndipo zopezekazo zinafalitsidwa poyera, kotero kuti amisiri a maiko onse anaphunzirapo, ndi opikisana nao omwe.

Kuyambira pamenepo mazenera anakhala obulungira, malata a m'mphepete mwa zitseko anacindikala, ndipo m'kati mwa thupi anayamba kuikamo malamba a citsulo oimitsa mng'alu, monga mmene mpendero uimitsira nsalu yong'ambika. Panakhazikikanso mwambo wa mamangidwe wakuti ciwalo cofunika cisakhale cokha, kuti cimodzi cikathyoka cinzace cinyamule katundu kufikira okonza ataona. Nkhokwe ya miyendo 9 siigwa cifukwa ciswe cadya mwendo umodzi. A de Havilland anapanga Comet 4 yolimba, imene pa 4 October, 1958, inayamba kuoloka nyanja ya Atlantic ndi apaulendo. Koma zaka 4 zinali zitatayika, ndipo patangopita milungu 3 Boeing 707 ya ku Amereka, yaikulu ndi yonyamula ambiri, inayamba nayonso kuoloka nyanja yomweyo nilanda msika.

PAFUPI NDI LUSAKA

Ndeke ya mtundu umenewu wa Boeing 707, yomangidwa ndi nzeru zophunzira pa Comet, ndiyo inadzaonetsa kuno ku Zambia kuti phunzirolo linali lisanathe. Pa Ciweru, pa 14 May, 1977, ndeke ya kampani ya ku Britain ya Dan-Air, yonyamula katundu wa Zambia Airways kucokera ku London kudzera ku Athens ndi Nairobi, inali kutsika kuti itere pa bwalo la Lusaka, limene lero lichedwa Kenneth Kaunda International Airport. Kunja kunali bwino, ndipo oyendetsa sananene za bvuto liri lonse. Mwadzidzidzi anthu apansi anaona cinthu cacikulu cirikucoka kumcira kwa ndeke. Ndekeyo inazyolika, nigwa camutu makilomita 3 ndi theka isanafike pabwalo, niyaka moto. M'menemo munali anthu 6, ndipo onse anafa.

Cimene cinacoka ndi kaphiko ka kumcira ka ku dzanja lamanja. Timapiko tiwiri timeneti tioneka tating'ono, koma ndito tigwira ndeke kuti isagwe camphuno, monga munthu wokhala kumbuyo kwa ngolo kuti goli lisapsinje ng'ombe. Kamodzi kakacoka ndeke iri pafupi ndi nthaka, palibe woyendetsa angaibweze.

Akatswiri a ku Britain ofufuza ngozi za ndeke anapeza mdani wakale yemwe uja. Mtanda wa kumbuyo wa kaphikoko unali ndi mipiringidzo 3, wapamwamba, wapakati ndi wapansi, ndipo wapakati anauika dala kuti wapamwamba ukathyoka iwo ugwire. Mng'alu unayambira pa ciboo ca msomali mu mpiringidzo wapamwamba. Citsulo cotopa cimasiya timizere pothyokapo, tonga mizere ya pa citsa ca mtengo wodulidwa, ndipo poyang'ana timizereto akatswiri anawerengera kuti mng'aluwo unakhala ukukula kwa maulendo pafupifupi 7,000. Wapamwamba utaduka, wapakati uja sunapirire monga anauyembekezera. Mng'alu unaupyoza naonso, ndipo kaphiko konse kanathothoka.

Zinacitika bwanji? Pamene a Boeing anapanga 707 yaikulupo, anakulitsanso timapiko ta kumcira, naika pamwamba lata la citsulo cosacita dzimbiri kuti tiume. Lata loumalo linakokera mphamvu yoculuka ku mpiringidzo wapamwamba. Kuonjezera apo, ndeke ikangotera imadzutsa timalata ta pamwamba pa mapiko akulu kuti icepetse liwiro, ndipo mphepo yobvunduka ndi timalatato inali kugwedeza mcira mwa njira imene amisiri sanaiwerengere. Kaphiko katsopanoko sanakayese mobwereza-bwereza kufikira katatopa, cifukwa kakale kaja kanali katapambana mayeso ace, ndipo iwo anayesa kuti wamkulu adzacita monga mng'ono wace. Ndekeyo inapangidwa mu 1963. Inali itauluka maola oposa 47,000 ndi kutera nthawi 16,723, pamene opanga anaikonzera maola 60,000. Okonza anali kuiyang'ana monga mwa malamulo a nthawiyo, koma malamulowo sanawauze kuti pamalo amenewo pafunika kuunika kwapadera, ndipo kayang'anidwe ka masiku onse sikanathe kuona mng'aluwo.

Apa m'pamene panaonekera kufooka kwa mwambo uja wa ciwalo ndi cinzace. Mwendo wina wa nkhokwe ukadyedwa ndi ciswe inzace igwiradi, koma ngati mwini nkhokwe sawerama kusuzumira pansi, sadziwa kuti nkhokwe yace yatsala pa miyendo yocepa.

Mbiri ya ku Lusaka inafika m'maiko onse. Ndeke za mtundu umenewo, zoposa 500, zinaunikidwa, ndipo 38 zinapezeka ndi ming'alu pamalo omwewo. Kuti ciwerengeroci cimveke kuopsa kwace, nkofunika kukumbukira kuti ya ku Lusaka inali ya katundu, pamene Boeing 707 ya apaulendo inali kunyamula anthu oposa 150. Ngoziyo inalimbikitsa maganizo amene anali atayamba kale pakati pa akatswiri, ndipo mu 1978 malamulo a ku Amereka a kapangidwe ka ndeke zazikulu anasinthidwa. Tsopano mmisiri ayenera kuyamba ndi kubvomereza kuti mng'alu ungakhalepo, awerengere liwiro limene udzakula nalo, ndipo anene pamene okonza ayenera kuunika, ndi cida canji, ndiponso pakapita maulendo angati, kuti mng'aluwo upezeke usanafike poopsa. Ndeke zokalamba zinapatsidwa mndandanda wace wace wa malo ounika.

Mai wogula mbiya pamsika amaigogoda ndi cala namvetsera, cifukwa adziwa kuti mbiya ya mng'alu imalira mogontha. Okonza ndeke amacita zonga zomwezo ndi zida zao. Amatumiza m'citsulo mau osamveka ku khutu la munthu namvetsera kubwerera kwace, amayendetsa kacida ka magetsi kuzungulira ziboo za misomali, amapaka utoto wolowerera m'ming'alu yosaoneka ndi maso. M'buku la ndeke iri yonse amalembamo maola amene yauluka ndiponso nthawi zimene yakwera ndi kutsika, ndipo kwa cipinda ca apaulendo ciwerengero caciwirici ndico cacikulu, pakuti ndeke ya maulendo afupi afupi imakalamba msanga kuposa inzace ya maulendo atali. Izi zinaoneka ku Hawaii pa 28 April, 1988, pamene Boeing 737 yolumpha pakati pa zisumbu, itakwera ndi kutsika nthawi pafupifupi 90,000, inataya denga lace lakutsogolo iri pa mamita 7,000. Oyendetsa anaiteretsa ndithu, apaulendo ali pamtetete m'mipando yao, koma mai mmodzi wogwira nchito m'ndekemo anauluzika nafa.

Ndeke zina zatsopano sizidaliranso aluminiyamu monga kale. Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, theka la kulemera kwace ndi ulusi wakuda wolimba wa kaboni, woyalidwa m'magawo magawo ndi kumatidwa ndi guluu, ndipo ulusi womwewo ndiwo amapangira mitanda ya timandeke tambiri topanda woyendetsa m'kati, tija tichedwa madroni. Ulusiwu sutopa monga aluminiyamu, ndico cifukwa cace mazenera a 787 ndi akulu. Koma nao uli ndi nthenda yace: ukagundidwa ndi cinthu, magawo a m'kati amatha kumatuka kunja kukuoneka kosalala. Njira imodzi imene okonza amapezera malo otere ndiyo kugogoda ndi kanyundo kakang'ono ndi kumvetsera.

Cidutswa cija ca denga la G-ALYP cinasungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Science Museum ku London, ndi ziboo za timazenera tiwiri tija ndi malata ace oonda ong'ambika m'mphepete. Ndilo denga lomwe linaima pa dzuwa la ku Livingstone pa 3 May, 1952, pamene ndekeyo inali kumwa mafuta a ku Johannesburg.